Ndikugona maola anayi okha, zoloweza zikundithawa: ndiwauze bwanji Asheikh?

Wofunsa:
Assalam alaikum abale ndi alongo. A admin, chonde dzina mundibise, anzanga ambiri a m'kalasi ali m'gulu muno.

Ndili chaka chachiwiri pa yunivesite ina ya Chisilamu, ndikuphunzira Shariah. Masana zonse zimayendera foni ndi laputopu. Manotsi amabwera pa PDF, asainimenti timatumiza pa intaneti, ndipo uthenga woti kalasi yasintha nthawi umatha kugwa pa WhatsApp 11 koloko usiku. Ukazimitsa foni wadzipweteka wekha. Koma tikangoswali Fajr, swala ya m'bandakucha, timakhala pansi mozungulira Asheikh mumzikiti, aliyense kupereka pamtima tsamba latsopano la Qur'an, ndipo kawiri pa sabata timawonjezera mizere khumi ya Alfiyya ya Ibn Malik, ndakatulo ya galamala ya Chiarabu. Pamenepo foni safuna kuiona n'komwe. Amati maphunziro a Dini amatengedwa pakamwa pa mphunzitsi, osati pagalasi. Ndimawakonda Asheikh amenewa, halaqa yawo, bwalo lophunzirira limeneli, ndi imene inandikokera kuno.

Vuto ndi ili: ndimagona cha m'ma 12:30, pofika 4:30 ndadzuka. Papita miyezi inayi zili chonchi. Tsamba la tsikulo ndimapereka bwinobwino, koma majuzu (magawo a Qur'an) 7 amene ndinabwera nawo akutha pang'onopang'ono. Dzana ndinaima pakati pa Surat An-Nisa, m'mutu muli zii.

Sabata yatha ndiye zinafika poipa. Nditatopa, ndinafunsa pulogalamu ya AI kuti indipezere hadith ya malonda a ngongole. Inandipatsa mawu, dzina la buku, ndi nambala yomwe. Ndinangokopera. Aphunzitsi a Hadith atatsegula bukulo anapeza kuti pa nambala imeneyo pali hadith ina, ndipo ananena pamaso pa kalasi yonse. Wolakwa ndine, sindikukana. Koma chichokereni tsikulo chakudya sichikulowa, foni ikalira mtima umagunda, usiku wina ndinangopezeka ndikulira.

Kodi kupempha Asheikh kuti andichepetsere ndi kusowa adabu? Nanga pasukulu pano pali mlangizi wa za maganizo, koma mnzanga akuti kupita kumeneko ndi chizindikiro choti imani yafooka. Ndithandizeni nzeru.

Bambo wachikulire:
Wa alaikum salam mwana wanga. Mdani wako ndi foniyo. Ife tinaloweza pa thabwa ndi inki, wolemba wekha, wofufuta wekha, ndipo mpaka lero zilimo m'mutu. Peza kafoni ka mabatani, enawo uwasiye. Asheikh usawavutitse, pirira.

Womaliza maphunziro:
Bambo, ndi ulemu wonse, mwanayu wanena kale kuti asainimenti amatumiza pa intaneti. Kafoni ka mabatani kangomulepheretsa mayeso.

Komanso zida si zachilendo pa maphunziro athu. Qur'an inasindikizidwa ku Cairo mu 1924, ndipo lero pafupifupi aliyense amalowezera pa buku losindikiza. Mu 1961 Sheikh Mahmoud Khalil al-Husary anajambulitsa mawu ake akuwerenga Qur'an yonse, ndipo ambirife tajwid, kawerengedwe koyenera ka Qur'an, tinaiwongola pomumvera. Chaka chomwecho Al-Azhar inayamba kulowetsa maphunziro a udokotala ndi uinjiniya. Pamene ndikugwirizana ndi Asheikh ako ndi apa: chojambulidwa chimakuwerengera, koma sichimva ukatulutsa chilembo cha dhad ngati cha dal. Mapulogalamu ena masiku ano amagwira ukadumpha liwu, komabe ijaza, chilolezo chochokera kwa mphunzitsi, sapereka. Foni ikhale yobwerezera kuchipinda, halaqa ikhale halaqa.

Mphunzitsi wa hifz (kuloweza Qur'an):
Mng'ono wanga, tiyeni tiwerengere limodzi. Mushaf wa Madinah, buku la Qur'an losindikizidwa kumeneko, uli ndi masamba 604, tsamba lililonse mizere 15, juzu imodzi ndi masamba pafupifupi 20. Majuzu ako 7 ndi masamba ngati 140. Kuti uwazungulire pa sabata imodzi uyenera kubwereza juzu yathunthu tsiku lililonse. Tsopano undiuze, juzu imeneyo ukuiika pati pa tsiku lako? Palibe. Ukuwonjezera chipinda chatsopano pamene denga la nyumba yakale likudontha.

Izi si zachilendo ayi. Mtumiki (SAW) ananena yekha kuti Qur'an imathawa msanga kuposa ngamira zomangidwa, hadith ili mu Bukhari ndi Muslim. Mphunzitsi aliyense wa hifz akudziwa kuti muraja'a, kubwereza zoloweza zakale, ndi imene imasunga munthu, ndipo palibe amene amasangalala ndi tsamba latsopano lolipiridwa ndi juzu yakale.

Kayankhulidwe kake ndiye kofunika. Usanene pagulu, ndipo usatumize uthenga pafoni. Dikira ena achoke, upemphe mphindi zisanu. Usayambe ndi mawu oti "zandichulukira", chifukwa mphunzitsi akamva amenewo amaganiza za ulesi, ife timawamva tsiku lililonse. Unene kuti: "Asheikh, Nisa ikundithawa, ndimvereni." Uwerenge pamaso pawo, adzimvere okha pamene ukukakamira. Kenako uwauze maola amene ukugona, uwasiye agamule okha. Ine wophunzira akabwera motero ndimamuimitsa zatsopano kwa mwezi, kapena ndimamupatsa theka la tsamba. Amene amandipweteka mtima ndi amene amabisa mpaka tsiku la mayeso.

Za kupirira zimene anena Bambo pamwambapa, ndi zoona, koma tikumbukirenso Abdullah ibn Amr. Ankasala tsiku lililonse ndi kuswali usiku wonse, Mtumiki (SAW) namuuza kuti thupi lake ndi maso ake zili ndi gawo lake pa iye.

Mlongo wanu, namwino:
Mchimwene, munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9. Zimene waloweza masana zimakhazikika mu ubongo uli mtulo. Ndiye pogona maola anayi simukuba nthawi ya tulo yokha, mukubanso za hifz yomweyo. Kulakwitsa kwa hadith kuja nakonso ndi kwa munthu wotopa.

Kusadya, mtima kugunda, kulira: zimenezi musazinyoze. Pitani kwa mlangiziyo sabata ino. Mnzanuyo mumufunse ngati imani ya Mneneri Yaqub (AS) inali yofooka pamene maso ake anayera ndi chisoni, monga tikuwerengera mu Surat Yusuf. Ndipo Abu Zayd al-Balkhi, amene anamwalira mu 934, analemba kale za matenda a mtima wosweka, nasiyanitsa chisoni chokhala ndi chifukwa chodziwika ndi chija chongobwera chokha. Ankalangiza kuti wovutika ayankhule ndi munthu wanzeru. Duwa pangani, kwa mlangizi pitaninso. Ngati abwera maganizo ofuna kudzipweteka, musadikire tsiku lopangana, uzani munthu lero lomwe.

Wophunzira za Hadith:
Za AI zija zinandigweraponso. Chinthu chimenechi chimalumikiza mawu amene amamveka oyenera kutsatana, sichitsegula buku n'kuona nambala. N'chifukwa chake chimanama molimba mtima. Ibn Sirin anati maphunziro awa ndi Dini, choncho muone amene mukutengako Dini yanu, mawuwa ali m'mawu oyamba a Sahih Muslim. Chopanda isnad (mndandanda wa amene analandirana mawuwo) ngati chimenechi ungachifunse kuti chikufotokozere mfundo ya galamala, nayonso uitsimikize. Hadith ayi. Ika Maktaba Shamela, pulogalamu ya mabuku a Chisilamu, pa laputopu, usake mawuwo, uone buku ndi mutu wake ndi maso ako. Ndipo pita kwa aphunzitsiwo uwapemphe akuonetse takhrij, kafufuzidwe ka gwero la hadith, manyazi amathera pomwepo.

Membala wina:
Funso limodzi lokha akulu. Tsegulani pamene foni imaonetsa maola amene mwaigwiritsa ntchito. Kuyambira 10 koloko mpaka 12:30 imakhaladi PDF yokhayokha? 😅

Wofunsa:
Mwandigwira. Ndayang'ana, dzulo TikTok ndi YouTube zatenga maola awiri ndi mphindi 40, zambiri usiku. Ndimati ndikudikira uthenga wa kalasi, kenako chala chimangopita chokha. Mwina Bambo aja sanalakwe kwenikweni.

Bambo wachikulire:
Ndinanena ine. Koma za kwa mlangizizo pita, mlongo wakoyo wanena zoona.

Mayi wa wophunzira:
Wanga anakhala chete chonchi chaka chonse, tinadziwa atadwala. Makolo ako uwauzeko, ngakhale pang'ono. Ife timadandaula kwambiri tikamva mochedwa.

Wofunsa:
Jazakumullah khairan nonse. Lero nditachoka pa halaqa ndinatsalira monga ananenera Mphunzitsi wa hifz uja. Ndinawerenga Nisa, tsamba lisanathe anandiimitsa. Anandifunsa kuti ndimagona nthawi yanji, nditawauza anangopukusa mutu. Agamula kuti kwa masabata atatu ndisabweretse chatsopano, ndizibwereza theka la juzu m'mawa ndi theka lina pakati pa Maghrib ndi Isha, ndipo Alfiyya ndizingomvera. Anatinso foni izigona kutali ndi bedi, pamenepo sindinayankhe. Kwa mlangizi ndikupita Lachinayi, mayi ndiwaimbira ndikachokako.

Chatsala ndi mauthenga a usiku aja. Amene amatumiza ndi aphunzitsi enieni, si mtsogoleri wa kalasi. Alipo amene kusukulu kwawo anapemphapo kuti zolengeza zizithera nthawi ya Isha? Munadzera kwa ndani, ndipo munalemba kalata kapena munapita pamaso?