Hatchi yaonda mpaka nthiti kuwerengeka, ndiidyetse chani?

Wongoyamba_kumene

Abale ndithandizeni nzeru. Masabata atatu apitawa ndinatenga hatchi yaikazi kwa munthu wina yemwe inamukanika kusamala, akuti ili ndi zaka 17 kaya ndi zoona kaya. Yaonda momvetsa chisoni, nthiti ukuchita kuziwerenga uli patali, fupa la msana lili poyera, mafupa a m'chiuno ali njoo. Ndinaiyeza ndi tepi ija yozunguliza pachifuwa ikuonetsa 370kg pomwe kwa msinkhu wake imayenera kukhala cha m'ma 450. Nde ine poona choncho ndinagula thumba la mapeleti osakaniza ndi oats nkumaipatsa chidebe chodzadza m'mawa china madzulo, udzu wouma ndimangoika pang'ono chifukwa imauononga, imatafunatafuna kenako nkulavula timibulu tonyowa pansi. Mpaka lero palibe chasintha, ndowe zokha ndi zimene zayamba kufewa. Ndionjezere mapeleti kapena ndisinthe mtundu? Ili mkhola limodzi ndi yamphongo yofula ya mlongo wanga, imeneyo nde yonenepa bwinobwino.

Thamanga77

Aise zimenezo ndi njoka za m'mimba basi. Ipatseni mankhwala a njoka a moxidectin mawa lomwe, kenako muzithira mafuta ophikira mmapeletimo makapu awiri patsiku, mwezi umodzi muiona ikuwala kkkk. Yanga ndinapanga choncho.

Gogo_Chishalo

Achimwene, yankho mwalilemba nokha koma simunalione. Timibulu ta udzu tomwe ikulavulato ndi mano amenewo. Mano otafunira a hatchi amangotuluka pang'onopang'ono moyo wake onse uku akuperepeseka, ndipo samaperepeseka mofanana, am'mwamba amasongoka mbali ya kutsaya, am'munsi mbali ya kulilime, nde ikamatafuna imadzicheka yokha. Pa zaka 17 mwinanso ena akugwedera kapena anaguluka kale. Itanani dokotala wa ziweto ayang'ane mkati ndi chida chotsegulira kukamwa osati kungosuzumira kumilomo, akapeza osongoka awapale. Musanapange zimenezi ndalama ya mapeleti mukungoitaya.

Tsono za zidebe zodzadzazo, chonde chepetsani. Chifu cha hatchi ndi chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, malita 8 mpaka 15 basi, ndipo chimatulutsa asidi usana ndi usiku kaya yadya kaya sinadye, chifukwa nyama imeneyi inalengedwa kuti izingobudula udzu maola ambirimbiri. Inu mwaitembenuzira, mapeleti ndi oats wambiri kawiri patsiku, pakatipo mmimba muli gwaa, apa nde poyambira zilonda za mchifu, ndipo hatchi ya zilonda imaondanso kuposa. Komanso sitachi ya mmapeleti ndi oats ikachuluka nthawi imodzi siigayika yonse mmatumbo aang'ono, imapitirira kukafika kuthumbo lalikulu komwe imakasasa nkupha tizilombo tabwino togaya udzu. Ndowe zofewazo ndi chenjezo limenelo. Kutsogolo kwake ndi colic, kupotokola kwa mmimba kuja, kapena laminitis, ziboda kutentha hatchi nkumakanika kuponda. Lamulo limene ine ndimayendera ndi loti chakudya cha mthumba chisapitirire theka la kilo pa 100kg iliyonse ya thupi pa kudya kumodzi, nde yanuyo isafike 2kg nthawi imodzi, ndipo kuli bwino kugawa katatu kapena kanayi. Muziyeza pasikelo osati ndi maso, chidebe chimanamiza.

Chonenepetsa chenicheni ndi udzu. Patsiku imafuna udzu wouma wolemera 2% ya thupi lomwe mukufuna ifikepo, kwa 450kg ndi 9kg imeneyo, ndipo kwa yoonda ine sindiwerenga nkomwe, ndimangoonetsetsa kuti sukutha pamaso pake. Mukapeza alfalfa, msipu wa mtundu wa nyemba womwe ena amati lucerne, sakanizaniko, ali ndi mapulotini ndi kashiamu wambiri kuposa udzu wamba. Podikira dokotalayo gulani udzu wodulidwa kale tizidutswa kapena wamapeleti muzinyika mmadzi ukhale phalaphala, ngakhale ya mano oipa imameza. Beet pulp, zotsalira za mbewu ya beet akachotsamo shuga, wonyika nayenso ndi wabwino, mphamvu zambiri koma sitachi yochepa. Chilichonse chatsopano muzilowetsa pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 14, musasinthe lero ndi lero.

MayiWaKhola

Agogo anena zonse za mano, ine ndingotsutsana ndi a Thamanga77 pang'ono, pepani achimwene koma moxidectin pa hatchi yoonda chonchi ayi. Mankhwala amenewa amakakhala mmafuta a mthupi nkumatuluka pang'onopang'ono, tsono ngati mafutawo palibe amachuluka mmagazi ndipo atha kuigwetsa. Tengani ndowe zatsopano akaziyeze aone mazira a njoka alimo angati, dokotala asankhe yekha mankhwala ndi mlingo molingana ndi 370kg osati 450. Akamabwera mumuuzenso atenge magazi, hatchi zokalamba zimakonda kudwala nthenda ya mahomoni yotchedwa PPID imene ena amati Cushing's, chizindikiro chake ubweya wautali wosathothoka nyengo yotentha ndi minofu ya pamsana kusungunuka, amayeza homoni ya ACTH mmagazimo ndipo mankhwala ake alipo, pergolide.

Mafuta ophikira aja sananame, amapereka mphamvu kuposa kawiri poyerekeza ndi tirigu wolemera chimodzimodzi ndipo sayambitsa laminitis ngati sitachi, koma makapu awiri tsiku loyamba mudzatsuka khola ndi payipi. Hatchi ilibe kathumba kosungira ndulu yothandiza kugaya mafuta, nde mafuta ambiri nthawi imodzi amangoitsegula mmimba. Yambani ndi 50ml, muzionjezera pakatha masiku atatu anayi mpaka kapu imodzi, ndipo ndowe zikhale zitauma kaye.

Kunena zoona achimwene mwachita mwayi kuti mwadutsa masabata atatu ili moyo. Ine yoyamba imene ndinatola ili mafupa okhaokha ndinaipha ndi chifundo changa chomwe, ndinaikhuthulira chakudya chambiri ndikusangalala kuti ikudya, tsiku lachinayi ndinaipeza ili gone yosadzukanso. Pambuyo pake ndi pomwe ndinamva kuti nyama yomwe yakhala ndi njala nthawi yaitali ikalandira sitachi mwadzidzidzi homoni ya insulin imakwera, michere ya phosphorus, potassium ndi magnesium imachoka mmagazi kulowa mmaselo, mtima ndi mapapo nkulephera. Akatswiri a ku yunivesite ya UC Davis ku California anaonetsa kuti yoteroyo umaiyamba ndi alfalfa yekha, pafupifupi theka la kilo maola anayi aliwonse kwa masiku atatu, kenako kumaonjezera pang'ono mpaka tsiku la 10. Ndikanadziwa kale zija.

China, yamphongo yonenepayo yanenepa ndi chakudya cha ndani? Khalani pampanda mphindi 20 muonerere. Kungopinda makutu kokha kwa yolamulira kumakwana kuti inzake ichoke pachodyera. Muziidyetsa payokha mpaka imalize, madzi oyera asasowe ndi mchere wonyambita. Ndipo wina asakunamizeni kuti muipatse chakudya cha ng'ombe kapena cha nkhuku ati chimanenepetsa msanga, china chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, kwa hatchi ndi poizoni ngakhale pang'ono.

Thamanga77

Eee za moxidectin sindimadziwa, yanga sinali yoonda kufika pamenepo. Ndabweza mawu mayi.

Wongoyamba_kumene

Zikomo nonse, manyazi andigwira. Ndakaima pampanda madzulo ano, zoonadi yamphongoyo imamaliza chake mwachangu nkuithamangitsa, ndiye kuti theka la mapeleti anga amathera mwa iyo. Dokotala abwera Lachinayi. Koma ndiyembekezere nthawi yaitali bwanji kuti nthiti zibisike?

Gogo_Chishalo

Pali sikelo yoonera kunenepa kwa hatchi yotchedwa Henneke ya mu 1983, imayambira 1 mpaka 9, pa 5 ndi pomwe nthiti sizioneka koma ukasisita umazimva. Mmene mwafotokozeramo yanuyo ili pa 2 kapena 3. Kukwera sitepe imodzi ndi cha m'ma 16 mpaka 20kg ndipo zikamayenda bwino zimatenga pafupifupi miyezi iwiri, nde werengerani miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi, pamsana ndi pomwe pamadzadza pomalizira. Muziijambula chammbali Lamlungu lililonse pamalo amodzimodzi ndi kuyeza ndi tepi yomweyo, maso a munthu woiona tsiku ndi tsiku saona kusintha. Chishalo chikhale kaye mnyumba, muzingoiyendetsa ndi chingwe. Lachinayi mudzatiuze zimene apeza mkamwamo.