Kodi "m'dambo mozimira moto" ndi kutamanda munthu kapena kumunyoza?

Mdzukulu:
Abale ndithandizeni. Tsiku lokumbukira agogo anga, amalume poyankhula anati "mayi athu anali m'dambo mozimira moto" anthu onse n'kumavomereza, koma ine sizinandikomere. Munthu woti ankadzuka mbandakucha kupemphera, kutchula dzina la mdzukulu aliyense mmodzimmodzi mpaka ife tulo kutithera, kutchalitchi osajomba ngakhale mawondo akuwawa, ndiye muziti mwa iwo moto unkazima? Si paja 1 Atesalonika 5:19 imati tisazime Mzimu? Nditafunsa azakhali anangoti iwe Chichewa sudziwa, basi nkhani yathera pompo.

Mayi wa anyamata:
Pepani ndi zovutazo. Mwandikumbutsa agogo anga ine, bambo akayambana ndi ang'ono awo mpaka kufuna kugwirana m'makolala, agogo sankakalipa ayi, ankangowakhazika pansi amvekere "tiyeni tipemphere kaye", ndiye pempherolo lalitali dala, pofika pa ameni onse aiwala kuti amalimbirana chani. Mwambi wonse umati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Motowo ndi wa mkangano achemwali, amalume anu anawatamanda.

Wamakani:
Mkangano wake uti? Taganizani za dambo lenilenilo. Moto wolusa umafika ndithu, umawaula udzu wa m'mphepete, kenako n'kuzima poti pansi pamakhala chinyezi ngakhale m'chilimwe. Ndiye kuti dambo limapsa kaye. Mwambiwu umanena munthu womeza zowawa kuti zisafike kwa ana. Agogo anga anaika m'manda ana awo obereka okha koma sitinawamvepo akudandaula, ankangoimba nyimbo zakutchalitchi chapansipansi uku akusesa.

Mkulu wa mpingo:
Achimwene mwapita nawo patali. Werengani Miyambo 26:20, pakasowa nkhuni moto umazima, pakasowa kazitape mkangano umatha. Azimayi opemphera aja ndi momwemo, umawauza nkhani ya mnzako, iwo osaipititsa kwina, imafera mwa iwo.

Wamakani:
Abusa kaya akulu a mpingo, mwandithandiza nokha. Ikafera mwa iwo ndiye kuti aisenza okha, si zomwe ndikunenazo? Kusunga nkhani za banja lonse mumtima mpaka kukalamba nazo mukuyesa masewera?

Mdzukulu:
Koma agogo anga sanali ofatsa chonchotu. Ukanama ankakuuza pamaso, Baibulo lili m'manja.

Mayi wa anyamata:
Eee amenewo ndiye agogo enieni kkkk. Kuzimitsa moto sikunyengerera.

Wakale:
Vuto ndi loti ana a masiku ano mukamva mawu oti moto mumangoganiza za pemphero lokuwa ndi maikolofoni. Mwana wanga amanditchula madala, mayi ake akuti masteni, ukamupatsa moni ayankhe "bho", ndiye mwambi aumva bwanji? Tsiku lina ndinamuuza kuti mawu a akulu akoma akagonera, iye n'kundifunsa kuti agonera kuti. Ndinangokhala chete.

Wachinyamata:
Nanga inuyo munatiphunzitsa liti? Agogo ankakamba miyambi madzulo, inu madzulo muli pa foni ngati ife tomwe. Funso la achemwaliwa ndi labwinobwino, mmalo moyankha mwayamba kutinena.

Wakale:
Mwaona mayankhidwe akewo?

Wamakani:
Musasocheretse nkhani. Ine ndikubwerezabe, dambo limapsa kaye m'mphepete. Achemwali kawafunseni amalume anuwo zomwe mayi awo anapirira ali atsikana, mudzabwera kudzandiuza.

Mkulu wa mpingo:
Kupirira ndi nkhani ina achimwene, miyambi yake ilipo yambiri, uwu ayi.

Wamakani:
Tchulani umodzi tione.