Nkhama za amayi zikutuluka magazi, kodi n'chifukwa cha shuga?

Moni nonse abale anga. Ndabwera ndi vuto la amayi anga, ine nzeru zandithera.

Amayi ali ndi zaka 58, amakhala ku Dedza, ndipo anawapeza ndi matenda a shuga mu 2019. Metformin amamwa m'mawa ndi madzulo osadumphitsa. Koma kuyambira mwezi wa Marichi nkhama zawo zatupa, akangoti atsuke mano magazi ali chuchuchu. M'kamwa mukununkha, mano awiri a m'munsi ayamba kugwedera, moti nyama anasiya kale. Chondidabwitsa n'chakuti nthawi yomweyi shuga wawo wasiya kutsika, chonsecho kadyedwe n'komwe kaja.

Tinawagulira mswachi wofewa ndi Colgate, ndipo amachukucha madzi ofunda a mchere. Makala amene ankatsukira kale ndinawaletsa, ngakhale tinakanganapo pang'ono. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anawapatsa Panado ndi amoxicillin. Kutupa kunachepa, koma patangotha milungu iwiri kunayambiranso.

Namwino wina wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti matenda a nkhama amachititsa kuti shuga avute kutsika, ndipo shuga wokwera nayenso amachedwetsa nkhama kupola. Atatchulanso za mtima, m'pamene mantha anandigwira.

Ndiye ndifunse. Alipo wa shuga pakati panu amene anakatsukitsa mano kwa dokotala, kuchotsa litsiro louma lija lokakamira m'mphepete mwa nkhama, n'kuona kusintha? Mano ogwederawa angazulidwe shuga ali wokwera chonchi, kapena ayambe watsika? Nanga tiyambire kuti, kukiliniki ya shuga kapena kwa a mano ku Lilongwe?