Pauta ya 7ª yabwezedwa, akuti ndikweze manota

Português_Ulongué:
Anzanga thandizeni, mutu waima. Turma ya 7ª, ana 84. Pauta (pepala la manota a ana onse) ya trimestre yachiwiri yandibwerera dzulo kuchokera kwa akuluakulu, akuti manegativa (manota osafika 10 pa 20) achuluka, a nota 8 ndi 9 ndiwafikitse pa 10. Koma a 8 ndi 9 alipo angati? Ambiri ali pa 4, pa 5. Pa ACS (mayeso a mkati mwa trimestre) mtsikana wina anakopera mafunso onse mwaukhondo, n'kulemba dzina pansi, basi. Kuwerenga sadziwa. Chisamukireni 7ª ku sekondale mu 2023 ndi ana otere amene tikulandira. Pautayo akuifuna Lachisanu. Nditani?

Mkulu_Furancungo:
Osakweza, mphwanga. Siginecha ili pansi pa pautayo ndi yanu. Mwana wa nota 5 mukamulembera 10, adzafika 12ª osatha kulemba kalata, ndipo adzatchula inu.

Mayi_Biologia:
Chilichonse mungachite, corrector (inki yoyera yofufutira) asakhudze pepalalo. Mapepala a ACS ndi AT (mayeso a kumapeto kwa trimestre) atsekereni m'katoni kunyumba. Ine bambo wina anandilondola mpaka pamsika, akuti ndalepheretsa mwana wake dala. Chinandiombola ndi pepala lomwe mwanayo analemba yekha.

Tsangano_Mat:
A Mkulu, kunena n'kosavuta. Ine ndinakana chaka china, chaka chotsatira horário yanga yonse inali ya nocturno, makalasi a usiku. Ndinkabwerera pa njinga usiku, June, chisanu cha kuno mukuchidziwa, zala osazimva. Ndiye anawo nthawi yokumba kachewere theka la kalasi kulibe, wolakwa n'kukhala iwe.

Mayi_Biologia:
Apatseni recuperação. Masiku awiri muwafotokozere m'Chichewa, kenako alembe m'Chipwitikizi. Ena amakwera ndithu. Kungoti musamale tsiku lobwera oyendera, ena sakondwa kumva chinenero cha kumudzi m'kalasi ya sekondale.

Mkulu_Furancungo:
Recuperação ya masiku awiri ndi kukweza komweko, mayi, mwangoiveka jekete. Zaka 26 ndagwira choko, sindinasinthepo nota. Tikayamba kugawa ma 10 ngati mchere, uphunzitsi watha, tatsala alembi.

Tsangano_Mat:
Ulemu wa ntchitoyi unapita kale, akulu. Kale mphunzitsi akadutsa anthu ankavula chipewa. Lero wogulitsa mafuta m'mabotolo pamsewu amandikongoza ine.

Mkulu_Furancungo:
Ngongole ndi ina, nota ndi ina. Osakweza.

Química_Moatize:
Pepani kulowerera. Kodi kwanu ndalama za ma horas extras (maola owonjezera) zalowa? Kuno tangosainanso mapepala kachitatu.