Mlangizi wa zachuma woyima payekha, ndimulipire kapena ndikupusitsidwa?

Admin chonde ndibiseni dzina. Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Mayi anga apuma ntchito ya uphunzitsi, gratuity yatuluka mwezi watha pafupifupi mamita 18, ndiye kunyumba ku Matawale foni siikupuma, amalume akufuna ngongole ya feteleza, azakhali akuti tigule minibasi ya Zomba-Liwonde. Mnzanga wakuntchito anandilumikiza ndi bambo wina amene akuti ndi mlangizi wa zachuma, sagwira ku banki iliyonse kapena ku inshuwalansi. Tinakumana m'tauni, anafunsa zonse, ngongole za mayi, fizi ya mlongo wanga ali ku Chanco, mankhwala a BP amene amagula mwezi ndi mwezi, ndiye akuti atilembera pulani koma tilipire 200 pin. Mayi akuti malangizo amagulitsa kuyambira liti, ku banki amatilangiza ulele. Ine mutu waima. Alipo amene anagwirapo ntchito ndi anthu oterewa?

Membala wa ku Chinamwali: Achemwali za ku banki si zaulere ayi, amakuuzani zimene iwowo akugulitsa, fixed deposit yawo basi. Woyima payekhayo mukumulipira kuti akuuzeni zoona ngakhale zosakomera banki. Koma mumufunse maso ndi maso ngati amalandiranso komishoni kumene akutumizeniko, ena amadya mbali ziwiri.

Membala wina: Mangani ma hostel ku Chikanda nkhani yatha, ana asukulu sasowa.

Mayi wa ku Sadzi: Mamita 18 hostel yake iti ndi mtengo wa simenti panopa? Muthera pa lintala kenako mayiwo azidya njerwa.

Membala wogwira za akaunti: Ndalama za pulaniyo musadandaule nazo kwambiri, funso ndi loti ali ndi layisensi? Alangizi a za investment amayenera kulembetsedwa kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank, ndiye akuonetseni pepala ndipo mufunse ku Reserve Bank konko osangokhulupirira fotokope. Chachiwiri ndalama zisadutse mu akaunti yake olo tambala. Akati mugule masheya ku Malawi Stock Exchange, kaya a National Bank kaya Illovo kaya Airtel, mumadzera kwa stockbroker, kampani yovomerezeka yogula ndi kugulitsa masheya, ndipo akaunti ya CSD, yomwe imasunga masheya anu pakompyuta, imakhala m'dzina la mayi. Ma treasury bill, kumene mumabwereketsa boma ndalama kwa nthawi yochepa, chimodzimodzi, alipo a masiku 91, 182 ndi 364, mutha kugulira ku banki yawo yomweyo. Komanso kumbukirani November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, amene anangosiya ndalama mu savings analira, ndiye mumufunse pulani yakeyo ikuti chani mitengo ikamakwera chonchi. Akayamba zoti ndalama zichulukana kawiri pa miyezi itatu nyamukani.

Membala wina: Ife a banki mkhonde tili phee tikuwerenga.

Wolemba: Zikomo nonse. Ndamuimbira, za komishoni wavomera kuti kampani ina ya inshuwalansi imamupatsa akabweretsa kasitomala, poyamba sananene zimenezo. Layisensi akuti atumiza pa WhatsApp madzulo ano. Mayi ndawauza asasayine chilichonse kaye, koma amalume afika kale kunyumba ndi njinga, akuti sachoka mpaka ndiweruke.