Mafuta a malambe ndi dzuwa la Okutobala: zomwe ndapeza

Abale anga, paja ndinafunsa ngati mafuta a malambe kapena aloe vera angalowe m'malo mwa mafuta oteteza ku dzuwa kwa mdzukulu wanga wachialubino, poti a m'sitolo mtengo wake ndi wowawa. Anamwino a kukiliniki kuno ku Chipata andiyankha mosapsatira kuti ayi.

Mafuta a zomera amafewetsa khungu ndithu, koma SPF yawo (nambala yosonyeza mphamvu ya mafuta yoteteza khungu ku dzuwa) sifika n'komwe pa 15, pamene mwana ngati ameneyu amafunika 50, yodzolanso maola 2 aliwonse. Aloe vera amangoziziritsa pamene papsa kale. Zoopsa zenizeni ndi za mandimu, zomwe amayi ena kumsika anandilangiza. Musayerekeze! Madzi a ndimu akakhala pakhungu n'kuombedwa ndi dzuwa amatulutsa matuza, kenako zipsera zakuda zochedwa kutha.

Malambewo sitinawataye. Ufa wake uli ndi vitamini C wambiri, masamba a cham'mwamba nawonso ali ndi ma-antioxidant (zinthu zothandiza kuteteza maselo a m'thupi kuti asawonongeke), ndiye timamuthirira m'phala. Zimenezi zimagwira ntchito m'thupi, dzuwa sizitchinga. Panopa kusukulu akupita ndi chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, ndipo mpira tamulola kusewera madzulo okha.