Pempho la mbiri ya nyumba zoonetsera kanema mu Mzuzu

Akuluakulu amene munakulira mu Mzuzu, ndikupempha thandizo lanu. Ndikusonkhanitsa mbiri ya nyumba zimene anthu ankaoneramo kanema mumzinda uno wailesi ya kanema ya Television Malawi (TVM) isanatsegulidwe mu 1999, nthawi imene filimu iliyonse inkayenera kuvomerezedwa kaye ndi boma malinga ndi lamulo la 1968. Malemu bambo anga ankasimba za holo ina momwe anthu ankakhala pa mabenchi, kuwala kwa makina kukuchokera kumbuyo, koma sindinawafunse ngati inali ku Katoto kapena m'tauni, zomwe zimandiwawa mpaka lero.

Kodi nyumbazo zikadalipo, kapena zinasanduka matchalitchi ndi masitolo? Ngati muli ndi zithunzi kapena matikiti akale, kapenanso mukudziwa gogo amene ankayendetsa makinawo, chonde ndidziwitseni kuti ndikacheze nawo.